Golide wa mafumu akale: Colombia ankagula, Panama akufukula mofatsa

Chakumapeto kwa 1992, m'munda wa nzimbe wa Malagana pafupi ndi Palmira ku Colombia munapezeka manda akale odzaza golide. Mbiri itangowanda, anthu zikwizikwi anakhamukirako ndi makasu ndi mafosholo. Pomwe akatswiri ofukula zakale ankayamba ntchito, manda ambiri anali atasanduka maenje okhaokha, mafupa ndi mapale zili mbwee! Zina mwa zokongoletsa zagolidezo zinakathera ku Museo del Oro, nyumba yosungira golide wakale ku Bogotá, koma lero palibe anganene kuti anavala ndani, kapena anagona pambali pa yani.

Njira ya Colombia sindingainyoze. Kuyambira 1939, banki yaikulu ya dzikolo, Banco de la República, inkagula golide wakale kuti asasungunulidwe kapena kutuluka m'dziko, ndipo pano nyumba yosungira zakaleyo ili ndi zinthu zagolide zoposa 30,000. Iwo anali atalumidwa kale: mu 1893, potsatira lonjezo la boma la pulezidenti Carlos Holguín, chuma chagolide cha anthu akale a Quimbaya, zinthu 122, chinaperekedwa kwa mfumukazi ya Spain, mpaka lero chili ku Madrid. Koma pamene pali wogula, wofukula manda mwakuba, yemwe kumeneko amati guaquero, sagona tulo.

Anansi awo a ku Panama nawonso anataya zambiri. Ku Sitio Conte m'chigawo cha Coclé, akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anakumba m'zaka za 1930 mpaka 1933, a ku yunivesite ya Pennsylvania mu 1940, golide wambiri n'kupita ku America. Zimenezi zimandiwawa. Komabe anthu aja ankalemba ndi kujambula chilichonse pomwe chagona, n'chifukwa chake tikudziwa kuti m'manda amodzi munaikidwa anthu 23 m'magawo atatu, mfumu ili pakati, zokongoletsa zagolide zili pathupi pake.

Chimene chandikoka mtima ndi El Caño, malo ena a manda akale kufupi komweko. Kuchokera 2008, katswiri wofukula zakale Julia Mayo ndi gulu lake akhala akuchotsa dothi pang'onopang'ono ndi timipeni ndi timaburashi, manda amodzi nthawi zina n'kutenga zaka. Mu 2024 analengeza za manda a munthu wamkulu wa cha m'chaka cha 750, atamugoneka chafufumimba pamwamba pa thupi la mayi, ali ndi zapachifuwa, zibangili ndi malamba agolide, anthu ena ataikidwa naye limodzi omuperekeza. Kagonekedwe kameneka guaquero amakafafaniza pa khasu limodzi lokha.

Akandifunsa, ndisankha El Caño. N'zoona kuti Bogotá ili ndi golide wochuluka kwambiri, ndipo Panama sangayerekeze. Koma ine ndikafuna kudziwa munthu amene anavala golideyo, ndi amene anamutsatira kumanda mofuna kapena mokakamizidwa, ndipita ku Coclé, komwe zofukulidwazo zatsala m'dziko la eni ake.