Amene mumadumpha pa mkaka, Dragon Ball simunaionere

Ndakwiya abale, ndisiyeni ndilankhule.

Dzulo ku babashopu kuno kwathu anaika Dragon Ball pa TV, yoyambirira ija, Goku akadali kamwana kamchira. Ife odikira tili pabenchi, maso onse pomwepo. Itangofika pamene Master Roshi, mdala wowaphunzitsa nkhonya, akuwasenzetsa Goku ndi Krillin mabokosi a mkaka, mkulu wina, wandevu zake ndithu, anangotola rimoti. "Za ana izi, mani. Ikani Z tione tsitsi likuyaka." Wadina, wadinanso, mpaka wakafika pa Frieza, mdani wa mu Dragon Ball Z, yotsatira ija ya Goku atakula. Kenako wasanjikiza miyendo, ati tsopano ndiye filimu yayamba.

Yayamba? Akulu, filimu yonse mwaidumpha, mwatsala ndi phokoso lokha.

Ndinena poyera, wofuna kundibuloka andibuloke: ngati mumadumpha pa mkaka, Dragon Ball simunaionere. Munaonera anthu akukuwa. Munaonera miyala ikuyandama ndi mitsempha ikutupa m'khosi. Koma nkhani yake yeniyeni inakudutsani.

Mukudziwa zimene zili pa mkaka paja? Mdala uja anawasunga anyamatawo pafupifupi miyezi 8 osawaphunzitsa kaponyedwe ka nkhonya ngakhale kamodzi. Kusanache ali kale pamsewu kugawa mkaka wapansi: kukhotakhota pakati pa mitengo, kukwera masitepe osatha a phiri, kuwoloka chigwembe pachipika chimodzi, kuboola mchenga, chilombo chikuwathamangitsa kumbuyo. Akamaliza, ulendo wa kumunda, kukalima ndi manja. Khasu osaligwira, zala zenizenizi kukanda dothi. Kenako, ndipo apa ndi pamene ambiri simukumbuka n'komwe, amawakhazika pansi ndi mabuku. Akadya nkhomaliro, tulo kaye. Inde, kugona masana kunali gawo la maphunziro, chifukwa kwa Roshi wankhonya ayenera kugwira ntchito, kuphunzira, kudya bwino ndi kupuma bwino. Akadzuka, ganyu pamalo omanga, kusambira m'madzi muli shaki, kumangidwa chingwe pamtengo n'kuwaputira njuchi kuti aphunzire kuzinda. Zonsezi chigoba cha kamba cha makilogalamu 20 chili kumsana, ndipo chakumapeto anawasinthira cha 40.

Tsiku limene anavula zigobazo, anangoti tidumphe pang'ono, n'kupezeka ali m'mwamba kuposa madenga, eniakewo kudabwa. Palibe tsitsi linasintha mtundu pamenepo, palibe anakuwa. Koma amene munaona mkaka uja munamva kukoma mpaka m'mafupa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo inu kudekhako mulibe.

Tsono tiyeni pa tsitsi mumalikondalo. N'chiyani chinamupsetsa mtima Goku ku pulaneti la Namek mpaka kusanduka Super Saiyan, watsitsi lachikasu uja? Frieza anaphulitsa Krillin. Nanga Krillin ndani kwa inu? Kadazi kopanda mphuno kamene mumakaseka pa WhatsApp, basi. Kwa Goku ndi mnzake wa pa mkaka. Ndi kamnyamata kaja kanafika pachilumba cha Roshi pakabwato, n'kumunyengerera mdalayo ndi magazini ya zolaula kuti akalandire. Ndi kaja kanamupusitsa Goku pa mayeso ofunafuna mwala kuti iko kadye chamadzulo mnzake agone ndi njala, n'kukathera kudwala m'mimba chifukwa Launch, mtsikana wowaphikira, anaphika nsomba ya poizoni. Kanabwera ngati kamdani kachinyengo, kanasanduka m'bale pansi pa chigoba chomwe chija. Ndipo Goku anali atanyamulapo kale mtembo wake, pamene chilombo chotchedwa Tambourine chinamupha utangotha mpikisano wa nkhonya wa Tenkaichi wa nambala 22. Mipira ya chinjoka ija, ma Dragon Ball okwaniritsa chimene wapempha, inamudzutsa ulendo umenewo, koma ya pa dziko lapansi sinkadzutsa munthu kawiri, ndiye ku Namek kuja Goku ankadziwa kuti mnzakeyu wapita ulendo wosabwerera. Mkwiyo uja unachokera kumeneko. Inu mukufika pa ukwati nthawi ya perekaniperekani n'kumati banjali ndikulidziwa.

Komanso ndikuuzeni, tsitsi lachikasu mukuligwadiralo, mwiniwake Akira Toriyama ananena kuti analisiya loyera papepala pofuna kumupeputsira ntchito womuthandiza, amene ankatha nthawi yambiri kudetsa tsitsi la Goku ndi inki. Chinthu chimene anachita pothawa ntchito ndi chimene mwachiyesa mutu wa nkhani. Zomvetsa chisoni.

Ndani mwa inu amamutchula Nam? Ndikudikira. Palibe.

Nam anabwera ku mpikisano wa Tenkaichi wa nambala 21 kuchokera kumudzi kumene chilala chinaumitsa chilichonse. Sanadzere kutchuka. Ankafuna mazeni (ndalama za m'nkhaniyi) 500,000 a mphotho kuti akagule madzi, mudzi wonse utamusonkhera ya ulendo. Mu semifainolo anakumana ndi Goku, n'kugonja. Taganizani, amene tikumuchemerera ndi yemwe wamuchotsa munthu wofuna madzi a ana akumudzi. Wolemba wamba akanamupanga Nam kukhala woipa kuti ife tisamve kuwawa, koma Toriyama sanatero. Nam akulongedza katundu mwakachetechete kuti azibwerera chimanjamanja, mdala Roshi uja anamutsatira, n'kumupatsa kapisozi kopanda kanthu kotha kusunga madzi ochuluka. Nam ati ndalama yogulira madziwo ndilibe. Mdala n'kumuloza chitsime: kuno madzi sagulitsa, tunga mmene ungathere. Munthu wamkulu anayenda mtunda wonse uja, kulolera kuthyoka nthiti, asakudziwa kuti kumene wafikako chinthu akuchifunacho n'chaulere. Ife amene tinakulira pamzere wa pamjigo sitifuna wotimasulira pamenepa. Ndiye wina andiuze kuti ndi za ana?

Mu mpikisano womwewo muli chinthu china chimene sindinachionepo kawiri. Mphunzitsi Roshi anavala wigi, n'kudzitcha Jackie Chun, kulowa m'bwalo ndi cholinga chimodzi chokha: ophunzira ake asapambane. Osati kaduka ayi. Ankaopa kuti akatenga chikho ali ana adzayesa kuti afika, n'kusiya kulimbikira. Anamenyana ndi Goku mpaka mwezi kutuluka, Goku kusanduka chinyani, mdala kuphwanya mwezi weniweniwo ndi Kamehameha, mphamvu yotuluka m'manja ija. Koma ndewu yonse ija inathera pa kanthu kakang'ono. Onse mphamvu zitawathera, anadumphirana ndi kiki imodzi yomaliza, ndipo ya mdalayo inalowa kwambiri chifukwa mwendo wake unali wautali. Basi. Kutalika kwa mwendo. Mwana anadzuka, anayamba kunena kuti wapambana, mawu asanathe n'kugwa. Ndipo mphotho ija pafupifupi yonse inathera pa mbale zimene Goku anakhuthula usiku womwewo.

Mwini nkhani anagonja mu fainolo yake yoyamba. Yachiwiri anagonjanso kwa Tien, chifukwa onse akugwa kuchokera m'mwamba iye anagundidwa ndi galimoto n'kuyamba kukhudza pansi. Anadzapambana kachitatu, pa Piccolo, ali mnyamata wamkulu. Inu amene mumati Goku sagonja, munayambira pati kuonera? Musandiyankhe, ndikudziwa.

Pa nsanja ya Korin napo mumadumpha. Mwana anakwera nsanja yofika kumitambo atamva kuti pamwamba pali madzi opatsa mphamvu. Anapeza Korin yemweyo, mphaka woyera ndi ndodo, botolo lili pandodopo, ati lilande. Masiku atatu akuthamangitsana ndi mphaka, pomwe Roshi zinamutengera zaka zitatu. Atalanda n'kumwa, palibe chinasintha. Anali madzi wamba. Mphamvu inali m'kukwera kuja ndi m'kuthamangitsana kuja. Toriyama akukuuzani m'maso muli gwa kuti chidule kulibe, inu n'kutenga rimoti kufunafuna chidule pa nkhani yomweyo. Ha!

Ndipo pali malo amodzi amene ine sindilola munthu kulankhula akamaonetsedwa. Kwa Baba, mlosi uja, womenya womaliza anali mkulu wovala chigoba kumaso, kamkombero ka akufa kali pamutu. Ankadziwa chofooka cha Goku, anamugwira mchira n'kumamumenyetsa pansi mpaka mchira kuduka. Kenako anati ndagonja, n'kuvula chigoba. Anali agogo ake, Gohan, amene anamutola kuphiri ali khanda, atabwerekedwa tsiku limodzi lokha kuchokera kwa akufa. Kamwana kaja kamene kanathetsa gulu lonse la asilikali oipa la Red Ribbon kopanda kugwetsa msozi kanathamanga n'kuwakumbatira kakulira, anzake onse kukamwa yasa chifukwa anali asanakaonepo kakutero. Ife oonera tikudziwa, anzake akudziwa, kuti chinyani chimene chinaponda agogowo n'kuwapha chinali Goku mwini, koma palibe akumuuza. Agogo anakana kudzutsidwa, ati kumene ndili ndili bwino. Ndipo mipira yonse imene Goku anaivutikira anakaigwiritsa ntchito kudzutsa Bora, bambo wa kamnzake Upa, amene anaphedwa ndi Tao Pai Pai. Sanapemphe mphamvu, sanapemphe chuma. Anangofuna kuti mwana wa eni akhalenso ndi bambo.

Zimenezi ndi zimene mukuti za ana. Magawo 153 athunthu, kuyambira 1986 mpaka 1989, mwawataya kudzala kuti muthamangire kukuwa.

Chabwino, tinene kuti mwakakamira Z yanuyo. Ngakhale mmenemo simuona. Ndani anapulumutsa dziko Vegeta atasanduka chinyani n'kumufinya Goku m'manja? Yajirobe. Wonenepa uja, wamantha uja, amene anali atathawa kale. Anabwerera mozemba, n'kudula mchira ndi lupanga, n'kuthawanso. Popanda iye Z ikanathera pomwepo, Namek simukanaiona, tsitsi lanulo simukanaliona. Koma dzina lake simulitchula.

Tien naye. Chilombo chija Cell chitameza Android 17, aliyense ankadziwa kuti Tien si saizi yake, ndipo iye mwini ankadziwa bwino kuposa tonse. Anakwera m'mwamba n'kuyamba kumukhomerera pansi ndi Kikoho, kubwereza, kubwerezanso, njira yoti ukaigwiritsa ntchito imadya moyo wako womwe. Cell sanavulale n'komwe. Cholinga chinali choti ma Android ena, 18 ndi 16, apeze mpata wothawa, basi. Munthu wamba kuwononga moyo wake kuti agule mphindi zochepa, mpaka kugwa ngati wafa. Kwa ine pamenepo pamaposa kusanduka kulikonse kumene munakuwerengera manambala.

Nanga Mr. Satan? Wabodza uja, wodzitama uja, amene anaba ulemu wa Gohan, mwana wa Goku, wogonjetsa Cell. Ndi yekhayo amene anakhala pansi ndi Buu wonenepa n'kumufunsa chifukwa chake amapha anthu, n'kumuuza kuti n'kulakwa, Buu n'kuvomera kusiya. Onse amphamvu aja palibe anaganizapo zofunsa. Ndipo pamapeto, Vegeta atapempha anthu a pa dziko kuti akweze manja apereke mphamvu zawo kwa Goku zogonjetsera Buu woipa, anakana. Goku atapempha, anakweza ochepa okha omudziwa. Anachita kukalipa Mr. Satan kuti dziko lonse limve, ndipo ndi iye yemwe anamunyamula Vegeta kumuchotsa panjira kuti Goku aponye chimpira cha mphamvuzo. Mutu umodzi susenza denga. Mdani womaliza wa nkhani yonse anagwa chifukwa cha mawu a munthu wopanda mphamvu kuposa onse, inu muli kalikiliki kukangana kuti pakati pa Super Saiyan 3 ndi wakutiwakuti wamphamvu ndani.

Ndi zimene zimandinyansa kwambiri zimenezo. Mukakumana, nkhani ndi manambala. Uyu ali ndi mphamvu zakuti, uyu angamenye uyu, Goku ndi Saitama wa mu One-Punch Man angawine ndani, usiku wonse. Toriyama yemweyo makina owerengera mphamvu aja ankangowaphulitsa pankhope za eniake, kusonyeza kuti wodalira nambala ndi chitsiru, inu n'kuwatola zidutswazo kumayendera. Mwina ndi tizidutswa ta pa TikTok takuwonongani, mwina ndi kudula kwa bandulo, kaya. Koma musamati mumaidziwa Dragon Ball. Muziti ndinaonerako ndewu zake. Zimenezo ndivomera.

Toriyama anamwalira pa 1 March 2024 ali ndi zaka 68. Tsiku limene nkhaniyi inamveka, aliyense anaika chithunzi. Tsitsi lachikasu, tsitsi labuluu, tsitsi loyera, timitima tosweka pansi pake. Munthu anajambula nkhaniyi kuyambira 1984 mpaka 1995, mabuku 42, munthu wanthabwala amene anayamba ndi kamwana kosadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi, inu n'kumukumbukira ndi utoto wa tsitsi. Wa Nam ndi kapisozi kake sindinamuone. Wa agogo Gohan sindinamuone.

Ndipo inu obena mafilimu m'misikamu, nanunso muli m'gulu lomweli. Munthu akubwera ndi fulashi, akuti ndiikireni Dragon Ball, inu mukumuikira Dragon Ball Super, yobwera pambuyo pa Z, pamwamba n'kuwonjezera Broly. Ukafunsa yoyambirira akukuyang'ana ngati wapempha mankhwala. Wina anandiikira foda yolembedwa bwinobwino kuti yathunthu, kufika kunyumba yayambira pa Raditz, poyambira Z, magawo ena osowa pakati, ena mawu ali m'Chisipanishi. Ndalama yanga analandira yonse.