Mtovu wofewa suyenera mfuti iliyonse

Nkhani ina yomwe ndawerenga yanena zoona kuti alenje ena ku America amaumba okha zipolopolo ndi mtovu wa mapaipi akale, koma sinafotokoze kuti mtovu woterowo ndi wofewa moti ngakhale chikhadabo chimaukanda. Umayenera mfuti za gogodela, koma m'mfuti zothamangitsa chipolopolo kwambiri umamatirira m'kati mwa mpope, n'chifukwa chake amausakaniza ndi chitsulo chotchedwa antimony kuti ulimbe, komanso china chotchedwa tin pang'ono kuti udzaze bwino chikombole.

Ndikanakonda olemba nkhaniyo akanatsindika za ngozi yake. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 Celsius, ndipo kadontho ka madzi kakalowa pansi pake, umaphulika n'kumwazikira kumaso. Wa m'mabatire a galimoto ndiye wosayerekeza n'komwe kuusungunula, popeza utsi wake ndi poizoni.