Ntchentche ya zipatso imaswana molingana ndi mtengo umene yapeza

Maganizo anga ndi akuti tikuthira ndalama pa mankhwala pomwe vuto lili pa mitengo imene tasiya kuti idyetse ntchentchezi chaka chonse.

Tengani mtundu wa ntchentche ya zipatso wotchedwa Bactrocera dorsalis, imene inapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Yaikazi imaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira mkati. Kukatentha, mazira amaswa pa tsiku limodzi kapena awiri. Mphutsi zimadya mnofu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zimagwera pansi, kulowa m'dothi masentimita ochepa, n'kutuluka ntchentche pakatha masiku ngati 10. M'mwezi umodzi m'badwo wina wakwana, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira oposa 1,000.

Koma si dzira lililonse limene limafika pokhala ntchentche, ndipo apa m'pamene mtengo umalamulira. Magwafa ndi mango akupsa ali ndi khungu lofewa ndi mnofu wotsekemera: mphutsi zambiri zimapulumuka, zimakula msanga, ndipo ntchentche zake zimakhala zazikulu, zoikira mazira ambiri. Koma malalanje ndi mandimu sali choncho. Mafuta a m'khungu lake amapha mazira ndi mphutsi zambiri zisanafike ku mnofu. Mango osakhwima ali ndi utomoni ndiponso ndi olimba. Nthochi zothyoledwa zikadali zobiriwira sizigwidwa kawirikawiri.

Chimandiwawa n'chakuti mango akatha, anthu amapuma. Ntchentche sipuma. Imasamukira ku magwafa, mapapaya akupsa, zipatso za kutchire, ngakhale ku malalanje, kumene imaswana pang'ono koma mokwanira kusunga mtundu. Mango ena akamayamba kupsa, imakhala ilipo kale, ndipo mitundu yochedwa kupsa ndiyo imaonongeka kwambiri chifukwa imapeza mibadwo ingapo itachulukana. Mtengo umodzi wa gwafa wosasamalidwa m'malire ungadyetse munda wonse ntchentche.

Choncho lembani mitengo yonse ya zipatso yozungulira munda ndi miyezi imene imapsa. Tolani zakugwa kawiri pa sabata, mphutsi zisanalowe pansi. Zimangeni m'thumba lakuda la pulasitiki lopanda bowo n'kuliika padzuwa kwa masiku angapo, kapena zikwirireni mozama masentimita 50. Dzenje losaya n'kungothandiza ntchentchezi, zimatuluka bwinobwino.

Msampha wa methyl eugenol, mankhwala a fungo lokopa ntchentche, umakoka zazimuna zokha za Bactrocera dorsalis. Zazikazi zimafuna chakudya cha mapuloteni kuti mazira akhwime, n'chifukwa chake nyambo ya mapuloteni yosakaniza ndi mankhwala pang'ono, yopopera pa kachigawo ka masamba, ndiyo imazigwira. Pa maungu, nkhaka ndi mavwende pali mtundu wina, Zeugodacus cucurbitae, ndipo zazimuna zake zimakokedwa ndi mankhwala ena a fungo otchedwa cue-lure. Mukaika msampha wolakwika, udzakhala wopanda kanthu pomwe nkhaka zikuola.