Nyimbo simunaimve, usatana mwauona pati?

Dzulo madzulo pa Bangula ndinakwiya, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Mwana wa achimwene anga, mnyamata wa zaka 19, anali pakhonde la kagolosale komwe amathandiza kutchaja mafoni, akumvera nyimbo pa kasipika kake. Kunja kunali ng'anjo monga mukudziwira kutentha kwa kwathu kuno, anthu angapo atabisala pamthunzi pomwepo. Atulukira bambo ena, mkulu wa mpingo wina umene sinditchula. Angomva gitala ikukalipa ndi mawu oti zombie, basi azula waya, ayamba kumulalatira mwanayo pagulu. Ati nyimbo za satana. Ati ukuitana ndondocha m'mudzi muno. Ati n'chifukwa chake madzi sakutisiya chaka ndi chaka. Mwanayo sanayankhe kanthu. Anangonyamula kasipika kake kubwera kunyumba, nsima ya madzulo osaikhudza.

Bambo inu, ngati mukuwerenga pano, ndikufunseni: nyimboyo munaimva? Sindikunena phokoso lake ayi. Mawu ake munawamva? Munamufunsa mwanayo kuti mayi akuimbayo akulira chiyani? Safunsa anadya phula, bambo.

Popeza simunafunse, ndikuuzani ndine. Gululo ndi The Cranberries, la ku Limerick m'dziko la Ireland. Chimbalecho ndi No Need to Argue, chinatuluka mu 1994, chaka chomwe ife tinkavota koyamba pa zipani zambiri. Woimbayo ndi Dolores O'Riordan, nthawi imeneyo ali mtsikana wa zaka 23. Nyimbo mwainena kuti ndi ya ndondochayo dzina lake ndi Zombie, kutanthauza ndondocha, ndipo anaipeka atamva za mabomba a IRA, gulu lomenya nkhondo la ku Ireland, amene anaphulika mu Marichi 1993 m'tauni ya Warrington ku England, mumsewu wa masitolo, anthu ali kalikiliki kugula zinthu. Anafa ana awiri, wina wa zaka 3, wina wa zaka 12. Ndondocha akunenazo ndi anthu akuluakulu amene chidani cha makolo awo chinawadya mutu mpaka kupha mwana osaphethira. Ndi nyimbo ya maliro imeneyo. Ndi mayi akulira ana a eni, ana a dziko lina, ophedwa ndi anthu onena kuti akumenyera dziko lake lomwe. Usatana uli pati pamenepa?

Ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'choti ife a kuchigwa ndife oyenera kuimva nyimbo imeneyi msanga kuposa wina aliyense. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992. Ndili mwana ndinaona ndi maso angawa anthu akuwoloka malire atasenza mphasa ndi mapoto, ana kumsana, ena mabala ali pamtunda. Nsanje inadzaza ndi othawa nkhondo, mayi anga anagawana nawo ufa ndi chigwada. Inunso bambo munaliko, ndinu wamkulu kuposa ine. Munawamva azimayi aja akulira usiku. Kulira kwawo kunali kwa ulemu, kotsitsa mawu, kokomera makutu? Ayi. Munthu amene mwana wake waphedwa amakuwa mpaka mawu kusasa. Ndiye mzungu akakuwa chimodzimodzi, gitala ikumuthandiza, mwati ndi chiwanda?

Mukanakhala pansi mphindi zisanu zokha mukanamvanso nyimbo yoyamba ya chimbale chomwecho, Ode to My Family. Ilibe ukali ngakhale pang'ono. Ndi mtsikana amene kutchuka kwamutengera kutali, akulakalaka mayi ake ndi bambo ake ndi moyo wa paubwana. Mwana wa achimwene amaibwereza imeneyo kuposa zonse, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Nyumba yawo ya ku Makhanga inapita ndi madzi a Freddy mu Marichi 2023. Anakhala kumsasa miyezi ingapo, kenako banja linamwazikana, iye n'kubwera kwa ine, azing'ono ake kwa agogo awo. Sakamba zambiri. Simudzamumva akudandaula. Koma usiku ndimamva kanyimbo kameneka kakutuluka chapansipansi kuchipinda kwake, ndipo ndimadziwa kuti mwanayo ali ku Makhanga mumtima mwake, pansi pa mtengo wa mango umene kulibenso.

Chimbale chimodzi, mkwiyo pa zochitika m'dziko uli momwemo, chisoni cha m'nyumba chili momwemo. Munthu ndi mmene alili. Amene akulira mayi ake ndi yemweyo amene akukwiya ndi opha ana. Simungamuuze kuti lira za kwanu mwakachetechete koma za dziko usazitchule, kapena kuti kwiya koma motsitsa mawu kuti akuluakulu asadzidzimuke. Mwana wathuyu wapeza mawu a zimene zamutsamwa pakhosi, wawapeza m'chinenero cha eni, kwa mayi amene anamwalira ku London mu Januwale 2018 asanamvepo n'komwe dzina la Bangula. Inu m'malo mothokoza kuti mwanayo ali ndi potulutsira, mwamuzulira waya.

Za madzi zija musanamizire gitala. Mapiri a kumtunda anametedwa mitengo, Ruo ndi Shire zadzaza mchenga, nkhani yake ndi imeneyo. Mu 2015 madzi atatisesa, ndi mu 2019, ndi namondwe Ana mu 2022, kasipika ka mwanayu kanali kuti?

Komanso mudziwe kuti mayi mukumutcha wa satanayo anakulira m'banja la Chikatolika, ankaimba ndi kuliza limba m'tchalitchi cha kwawo, ndipo anakaimbapo pa makonsati a Khirisimasi ku Vatican. Sindikunena izi kuti ndimuyeretse, safunikira ine. Ndikungofuna muone kutalika kwa pamene mwaphonyera. Munamva liwu limodzi la Chingerezi, n'kumangapo mlandu wonse, n'kuuweruza, n'kupereka chilango, zonse musanamalize kupukuta thukuta.

Ndimakulemekezani ngati kholo, ndipo mawa tikakumana pamsika ndidzakupatsani moni ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse. Koma mwalakwa. Mwamuchititsa manyazi mwana pamaso pa makasitomala ake, pa chinthu chimene simukuchidziwa. Ukulu suchotsa udindo womvetsera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye mukanayamba ndi kumufunsa kuti mwanawe, ukugona bwanji masiku ano, kwanu akuti bwanji. Chibwerereni kuno palibe wa mpingo uliwonse amene anamufunsapo funso limeneli. Woyamba kumulankhula ndi inu, ndipo mwayamba ndi kumutcha woitana mizimu.

Ena mundiuza kuti nyimbo za azungu zikuwononga ana athu, aziimba zathu, aziliza valimba, azivina utse. Ndikuvomera kuti zathu tisazitaye, ine ndemwe ulimba ukalira miyendo siikhala pansi. Koma mwana kumvera za kutali sikutaya za kwawo. Ndipo kuwonongeka mukunenako, tiyeni tikuyang'ane kumene kuli. Loweruka lapitali ndinali ku ukwati ku Nchalo. Pa perekaniperekani DJ anaika nyimbo ya Chichewa chomveka bwino, yotchula ziwalo za mkazi chimodzichimodzi ngati nyama ya pabutchala. Palibe amene anafunikira womasulira. Ana a zaka zisanu anali kutsogolo akutsatira mawu onse. Azibambo a masuti, azimayi a zitenje zofanana, akuluakulu a mipingo ali pamzere, ndalama m'manja, akudula chiuno mpaka fumbi koboo. Ndinayang'ana uku ndi uku kudikira kuti wina adzuka akazule waya. Anaipempha kachiwiri.