Mulungu sagulitsa dzina la mfiti pa maliro

Zomwe zachitika pa maliro ena ku Mchini, komboni ya ku Chipata kuno ku Zambia, sabata ino zandipsetsa mtima. Mtembo ukadali ku mochale, adzukulu sanakumbe n'komwe manda, munthu wodzitcha mneneri wafika kale ndi kabotolo ka mafuta. Akuti kwa namfedwa: "Amayi, Mulungu wandionetsa amene wadya amuna anu." Koma kuti dzina lituluke, patsogole K500 ndi mbuzi. Mayi woti ufa wodyetsa anthu ogona pa maliro ukumusowa!

Abale anga, Mulungu sagulitsa mayankho. Sanayambepo. Simoni wamatsenga uja pa Machitidwe 8 atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti atayike nazo limodzi ndalama zakezo. Nanga lero mitengo yachokera kuti? Njala ndi ulesi basi.

Namfedwa akamafuula kuti "Ambuye chifukwa chiyani?" sakufuna dzina la mlamu wake. Akulira. Msiyeni alire, Yesu yemwe analira pamanda a Lazaro. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osatsegula pakamwa, ndipo analakwa atangoyamba kufotokoza chomwe chabweretsa tsoka. Inu mwafika ndi yankho tsiku loyamba lomwe, ndinu anzeru kuposa ndani?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene sanagone masiku 3, akungomwa phala lokha, sangasiyanitse mawu a Mulungu ndi mawu a wakuba. N'chifukwa chake kufunsa chitsogozo cha Mulungu pa chisoni kumayamba ndi kudikira. Mpaka maliro aikidwe ndi anthu abalalike, musagulitse munda, ng'ombe kapena puloti, musasaine pepala lililonse, musathamangitse munthu pakhomo. Chomwe chapha malemu chalembedwa pa pepala la kuchipatala, ndipo ngati anafera kunyumba pali lipoti la apolisi. Pemphani wodziwa akuwerengereni bwinobwino. Ngati ndi BP, shuga kapena TB, ndiye kuti ana ndi namfedwa akapimitse, apo ndiye mwapulumutsa moyo. Mafuta a m'kabotolo satsitsa BP.

Pofuna pemphero itanani anthu amene adzakhalepo ngakhale mwezi wamawa: abusa anu kapena abambo mfumu, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano kwa a mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), a mphakati kwa Akatolika. Musakumane ndi wopemphera muli nokha m'chipinda, pakhale wachibale wa kuchimuna mmodzi ndi wa kuchikazi mmodzi. Werengani Masalimo 34:18 ndi Yakobo 1:5, mupemphe nzeru monga akunenera pamenepo, kenaka uphungu uliwonse muuyese. Ukufuna ndalama? Ukukulozerani m'bale? Ukuti chitani lero lomwe, musauze munthu? Ngati ndi choncho, sunachokere kumwamba. Ndikubwereza, Mulungu satumiza nambala ya Airtel Money.

Ndipo dziwani kuti kuno ku Zambia kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo. Mneneri wanu akakwera basi kubwerera kwawo, wotsala ndi apolisi ndinu, agogo atamenyedwa kale, banja litagawikana.

Enanso ondinyansa ndi achibale oimba mokweza usiku wonse, maso ali pa malata ndi njinga. M'mawa akuti "tapemphera, Mulungu watiuza kuti katundu abwerere kumudzi." Mulungu wake uti? Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo likuti 50 peresenti ndi ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo a malemu, 10 ya ena omwe ankadalira malemuyo. Nyumba ndi ya ana ndi namfedwa, ndipo woyang'anira chuma amavomerezedwa ndi khoti kuti agawe, osati kuti adye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanunso a mafoni, amene mukujambula nkhope ya malemu m'bokosi n'kuika pa Facebook ana ake a ku Lusaka asanamve n'komwe uthenga, ndani anakutumani?