Fizi si ngozi, makolo inu tamverani

Ana anga lero ndilankhula, amene akwiye akwiye basi chifukwa mtima wanga wawawa mokwanira. Sabata yathayi ndakumana ndi kamtsikana cha m'ma 9 koloko m'mawa kakubwerera kunyumba, yunifolomu yochapa bwinobwino, chikwama chakumsana zipi inafa kalekale kanamanga ndi kachingwe, kakuyenda mokoka miyendo ngati sikakufuna kukafika. Ndinafunsa kuti iwe mwana wadwala? Kanangoweramitsa mutu nkuti ayi agogo, atibweza fizi. Bambo ake ndimawadziwa, ndi munthu wamphamvu zake, amalandira mwezi ukatha, ndipo foni imene ali nayo m'manja mtengo wake ukuposa fizi ya mwanayo ya chaka chonse.

Ndisanapite patali, sindikunena inu amene mukulimbana ndi umphawi weniweni, amene mumadzuka kusanache kukagwira ganyu koma ndalama osakwanabe, amayi amasiye amene mukusenza ana anayi panokha. Inu ndikukupatsani ulemu. Ndikunena ndi inu amene ndalama imakupezani koma mwana amaiona pomaliza, zotsala.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Zoona, matenda saimba ng'oma, maliro saimba ng'oma. Koma fizi imaimba ng'oma zaka 6 isanafike! Tsiku limene munanyamula khanda lija mmanja munadziwa kale kuti lidzayamba sukulu, ndipo teremu iliyonse tsiku lotsegulira limalengezedwa ana asanatsekere nkomwe. Ndiye zimatheka bwanji munthu wamkulu ndevu pepeya kudzidzimuka Lamlungu usiku kuti mawa akutsegulira, nkuyamba kuimbira foni abale onse ngati nyumba yapsa? Mwana kuti afike zaka 18 ndi miyezi 216, masiku oposa 6,500, ndipo palibe tsiku ngakhale limodzi limene sadzadya, sadzavala, sadzafuna sopo. Kubereka nkwa tsiku limodzi koma kulera ndi ngongole imene mumabweza mmawa uliwonse.

Ena mumati pulayimale ndi yaulere ndiye palibe chodandaula. Nzoona kuti mu 1989 mayiko a United Nations anagwirizana pangano la ufulu wa ana, ndipo ndime 28 imati maphunziro a pulayimale akhale aulere komanso okakamiza. Koma yaulere sikutanthauza kuti boma likugulirani nsapato. Makope, zolembera, yunifolomu imene imachepa chaka chisanathe chifukwa mwana akukula, thiransipoti, kachakudya ka pa buleki, nyale yowerengera usiku, zonsezi nzanu. Akafika ku sekondale katundu amalemera kawiri, fizi ndi ndalama ya mayeso kumene amalipiritsa, mabuku, kwa mtsikana palinso mapadi mwezi ndi mwezi amene abambo ambiri simuwawerengera nkomwe mpaka mwana amajomba masiku angapo chifukwa cha manyazi. Ku koleji ndiye osanena, lendi, chakudya, laputopu, bandulo. Pangano lomwelo pa ndime 18 limati udindo wolera mwana ndi wa makolo onse awiri. Awiri, ndikubwereza, chifukwa alipo anyamata amene ntchito yawo nkupereka mimba nkusintha nambala, akaona mwana wakhoza mayeso ndi pamene amatulukira nkumati magazi anga awa.

Tsopano ndalama ikupita kuti? Ikuthera kubetcha. Munthu walandira lero, fizi ili mthumba, akuti ndiiyike kaye pa timu iyi ichuluke, mphindi 90 zikatha wagwira mutu. Mwana wanga, kampani yobetchetsa inawerengera kale masamu kuti pamapeto yopambana ndi iyo, ikanakhala kuti imaluza bwenzi itatseka kale. Kwinaku mowa Lachisanu mpaka Lamlungu, kugulira tebulo lonse kuti akutcheni bwana. Chibwenzi chamseri chikulipiridwa lendi mwana wa mnyumba akulemba maphunziro atatu mu kope limodzi. Amayi nanunso sindikusiyani, chovala chatsopano pa mwambo uliwonse kuti anzanu akuoneni pa Facebook, phwando la tsiku lobadwa la khanda la chaka chimodzi limene silikudziwa nkomwe chikuchitika, mkulu wake ali pakhomo chifukwa cha balansi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zikavuta mumathamangira katapila, apa ndi pamene ndimamva chisoni kwambiri chifukwa ndinapondapo ine. Chaka china ana anga ali aang'ono ndinadya ndalama ya fizi pa zinthu zopanda pake ndikuganiza kuti ndibweza msanga, sizinatheke, ndinakatenga katapila. Tiyerekeze watenga 100 kuti ubweze 150 mwezi ukatha. Walephera, mwezi wachiwiri yafika 225, wachitatu yadutsa 337, ndalama imene unagwiritsa ntchito ndi 100 yomwe ija. Ndinagulitsa wailesi ndi njinga, teremu yotsatira ndinalowa ndili kale mdzenje, ndipo chimene sindidzaiwala ndi nkhope ya mwana wanga wamkulu atandipeza ndikubisala kuchipinda mwini ndalama akugogoda pachitseko. Sanalankhule kanthu, anangondiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndalama ikangolowa ndinkayamba ndachotsa ya sukulu ndisanagule china chilichonse, ndinkaipereka kwa mayi ake kuti ine ndisaione, ndipo kusukulu ndinkapita ndekha teremu isanayambe kukapempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Aphunzitsi ambiri amamva kholo limene labwera lokha nthawi ilipo, amene amawatopetsa ndi uyu wozemba amene amatuma mwana kukanama.

Makolo amene akukwanitsa si kuti onse ndi olemera ayi. Ambiri ndi anthu a kabizinesi kakang'ono, ena ali mu chipereganyu ndipo amapempha kuti ulendo wawo wolandira ugwe mwezi wotsegulira sukulu, ena amagula yunifolomu ndi makope nthawi ya holide mitengo isanakwere, ena amafunsafunsa za mabasale osachita manyazi. Ndipo amasankha sukulu yolingana ndi thumba lawo. Izi zoika mwana sukulu yodula pofuna kupikisana ndi aneba, teremu iwiri wamuchotsa, kwina teremu imodzi wathawako ndi ngongole, mwana amasokonezeka mutu ndipo satifiketi kapena lipoti lake limatsala komweko atalikaniza.

Palinso nkhani imene ambiri safuna kuimva kuchokera kwa munthu wamkulu, koma ndinena. Kubereka mowirikiza popanda kukhala pansi awiri kuwerengera. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kudikira miyezi yosachepera 24 mwana akabadwa mayi asanatenge pakati pena, komanso kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba. Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana kukwanitsa zaka 2, ndi pamene ubongo umakula kwambiri, mwana akapinimbira nthawi imeneyo chifukwa chosowa zakudya nkovuta kudzakonza pambuyo, ndipo mkalasi amavutika. M'mera mpoyamba. Musamati Mulungu adzalera yekha kwinaku mukutula ana kwa agogo awo amene mawondo anatha kale, kapena kwa mchemwali wanu mmodzi amene ali pantchito ngati iye alibe ana ake. Kuthandizana pachibale nkwabwino, koma wothandiza amathandiza munthu amene wasenza kale mbali yake.

Ndipo ndalama ikachepa musathamangire kuchotsa mtsikana kuti mnyamata apitirize, kapena kumukankhira kubanja ali mwana kuti pakamwa pachepe. Abwerera pakhomo pomwepo ali ndi khanda kumsana, pakamwa pawonjezekera.

Kamtsikana kaja ndinakaperekeza mpaka pafupi ndi kwawo. Tili mnjira kanandiuza kuti mayeso a pakati pa teremu ayamba Lachitatu, ndipo kakufuna kudzakhala namwino. Titafika pampata kanaima nkundipempha kuti agogo musawauze adadi kuti ndakuuzani, andikalipira. Madzulo ake bambowo ndinawapeza ndipo tinalankhulana pa awiri, anandilonjeza kuti Lolemba mmawa akalipira. Lolembalo ndikawadikira panjira yakusukulu.