Mayi anu si wantchito wanu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Chiyambire dzulo usiku mtima wanga sukukhazikika chifukwa cha zimene zalembedwa pa gulu la WhatsApp la kubanja kwathu, ndiye ndati ndilankhulire pano poyera. Amene zikumukhudza amva yekha.

Mayi anga aang'ono ali ndi zaka 51. Bambo, amuna awo, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Ana anabereka asanu, onse analera mpaka kukula, chitsirizira ali ku koleji. Chaka chatha mayiwa analembetsa sukulu ya open pa sekondale ya kufupi ndi kwawo, ndipo chaka chino akulemba MSCE. Ndalama ya mayeso analipira okha, anaitenga ku banki m'khonde, palibe mwana amene anaponyapo ngakhale 1,000 kwacha. Tsono mwana wawo woyamba, achimwene anga a ku Lilongwe, akazi awo achira mwana wamwamuna, tonse tathokoza Mulungu. Achimwenewo kuimba foni kuti amayi kwerani basi mubwere, mudzakhale ndi mwanayu mpaka Disembala, alamu tchuthi chikatha abwerera ku ntchito ndipo atsikana antchito a masiku ano ngosadalirika. Mayi anayankha mwaulemu. Anati ndibwera mwana wanga, ndidzakhala masabata awiri, ndidzamusambitse mdzukulu wanga, ndione mchombo wagwa, kenako ndibwerera chifukwa mayeso ayandikira.

Mawu amenewo basi ndi amene ayatsa moto.

Wina analemba kuti "agogo a Fomu 4" n'kuikapo tinkhope toseka. Wina akuti satifiketi imeneyo mukaionetsa kwa ndani pa msinkhu wanuwo. Mlongo wina, amene naye ndi mayi wa ana, akuti sanaonepo nkhalamba yokana mdzukulu. Atsibweni anajambula mawu a mphindi zisanu ndi imodzi, kufotokoza za mwambo, kuti ntchito ya gogo ndi kulera, kuti amayi athu akale sankachita zimenezi, kuti kusukuluko akukatengera mwano. Mayi aang'ono ali pa gulu lomwelo. Anawerenga zonse, anamvera zonse, sanayankhe kanthu. Nditawaimbira m'mawa uno mawu awo anali a munthu amene wagona akulira, koma akuti "ayi mwanawe, mwina ndalakwitsadi ine, mwina ndingopita."

Apo ndiye pandipsetsa mtima kwambiri. Mwawafikitsa poti azipepesa chifukwa chofuna kulemba mayeso.

Achimwene, mayi anu si wantchito wanu. Ndikubwereza kuti zilowe. Mayi anu si mtsikana wantchito amene simumulipira. Anakuberekani, anakulerani, anamaliza. Mwana mwabereka ndi wanu, inu ndi alamu, ndipo mmene munkapanga chikonzero cha mwanayo simunawafunse mayi ngati chaka chino ali ndi mpata. Munangowawerengera ngati mpando umene uli m'nyumba, woti aliyense akaufuna angoukoka. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ndipo popeza mwaiwala, ndikukumbutseni chimene chinawachotsa mayiwo pa sukulu. Munali mu 1991, ali Fomu 2, mtsikana wanzeru amene aphunzitsi ankamutuma kulemba masamu pa bolodi. Anapezeka ndi mimba, ndipo nthawi imeneyo mtsikana akapezeka ndi mimba ankachotsedwa basi, palibe zobwerera. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera ku sukulu atabereka inabwera mu 1993, iwo ali kale pabanja, mwana ali kumsana, wina ali m'njira. Mimba imene inawachotsa sukuluyo ndi inuyo achimwene. Inuyo. Sukulu yawo inathera pa inu kamodzi, lero mukufuna ithere pa mwana wanu kachiwiri? Munthu mmodzi alipire kawiri, zaka zopitirira 30 zitadutsa pakati? Mulibe manyazi?

Digiri imene mukuyendera mu ofesi ku Lilongweyo inachokera m'chiwaya cha mandasi. Ine ndinakhalako kwa mayi aang'ono zaka ziwiri ndili ku pulayimale, ndinaona ndi maso angawa. Ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukanda ufa, utsi uli m'maso, mafuta akuwathethekera m'manja. Zipsera zilipo mpaka lero, kawayang'aneni kuseri kwa dzanja lamanja. Akatha apo kumunda, akachoka kumunda kumsika ndi kaunjika pamutu. Apongozi awo atadwala sitiroko, amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuchapa nsalu zoipitsidwa anali iwo, ana a gogoyo alipo amoyo. Bambo atadwala, miyezi yonse ija kuchipatala, amene ankagona pa simenti pansi pa bedi ndi kuphika pa mafuwa kumalo a odikirira odwala anali iwo. Inu munkabwera Loweruka ndi jumbo ya malalanje, kujambula chithunzi, n'kubwerera. Moyo wawo wonse wakhala wa kutumikira, kuyambira ali ndi zaka 17. Lero kwa nthawi yoyamba anena kuti ichi chokha ndi changa, ndipo banja lonse lawaukira ngati aba.

Mwezi watha ndinawapeza madzulo atakhala pa mkeka, nyali ya sola ili pa mpando, magalasi aja ogula pamsika ali pamphuno, akujambula mtima wa munthu m'kope la Biology. Anali atalemba mayina a mitsempha ndi pensulo, kufufuta, kulembanso. Anandifunsa kuti ndiwafunse mafunso, ndipo atakhoza atatu motsatizana anaseka mpaka kugwira pakamwa ngati kamtsikana. Chimwalirireni bambo ndinali ndisanawamvepo akuseka chotero. M'kalasi amakhala ndi ana ofanana ndi chitsirizira wawo, ena amawanena, iwo osalabadira, amakhala kutsogolo chifukwa maso sakuonanso patali. Amayenda wapansi masana dzuwa lili pamutu kuti akafike nthawi yabwino. Kulimba mtima kotereku ndi kumene mukukuseka ndi tinkhope tanu ta pafoni.

Mukufunsa kuti satifiketi akaionetsa kwa ndani. Akaionetsa kwa iwo eni! Kodi chilichonse chimene mayi achita chiyenera kukhala ndi phindu kwa inu kuti chiloledwe? Akafuna akaiika m'fulemu pakhoma, akafuna akapitiriza maphunziro, akafuna akaisunga m'sutikesi pansi pa zitenje. Ndi yawo. Inu mukagula foni yatsopano palibe amakufunsani kuti ithandiza bwanji mbumba. Joyce Banda analowa upulezidenti mu 2012 ali ndi zaka 61, dziko lonse linali m'manja mwake, ndiye inu mukuti mayi wa zaka 51 wakalamba moti sangagwire cholembera?

Tili ndi khalidwe loipa ife. Mkazi akangodutsa zaka 45, ana akakula, timamuchotsa pa mndandanda wa anthu. Dzina lake linatha kale, anasanduka "make uje", tsopano asanduka "agogo", ndipo agogo safuna kanthu, salota kanthu, satopa, sasungulumwa. Agogo ndi oti tiwatumizire ana pa holide, tiwasiyire mwana amene tabereka tili pasukulu, tiwaitane kukakhala matenda, tiwaike kukhitchini pa maliro ndi pa ukwati. Pa zaka zimenezi thupi la mkazi limakhala likusintha, msambo ukusiya, usiku thukuta kuti chonchi, tulo osabwera, mawondo akuwawa, ena BP yayamba. Palibe mwana amafunsa kuti amayi mukupeza bwanji m'thupimo. Funso lathu ndi limodzi: mubwera liti kudzatithandiza? Ndikudziwa kuti zinthu zadula ndipo wantchito wabwino ngosowa, ndiponso tonse tinakula tikuona agogo akulera. Koma zimenezo zisakhale chingwe chomangira munthu.

Ndipo musandinamizire kuti ndikunyoza mwambo. Mwambo ndikuudziwa. Mayi amapita kuchikuta, amakasambitsa mwana, amakaphunzitsa wochirayo kayamwitsidwe, mwana akatuluka amabwerera kwawo. Masabata awiri amene mayi aang'ono anenawo ndiwo mwambowo. Izi zoti gogo asiye nyumba yake, munda wake, nkhuku zake, anzake a ku Mvano, akakhale miyezi isanu ndi umodzi m'kachipinda ka kuseri m'tauni, akuchapa matewera ndi kukolopa pamene eni nyumba ali ku ntchito, uwu si mwambo wa makolo. Uku ndi kupeza wantchito waulere n'kumuveka dzina laulemu. Agogo ambiri amene mumawaona m'nyumba za m'tauni ali chete pakhonde ndi mwana kumsana sanafunsidwe. Anangouzidwa. Ena amafunadi, ndipo amene akufuna apite ndi mtima wonse, Mulungu awadalitse. Koma amene wanena kuti ayi, ayi wakeyo amveke.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, inu nomwe mudzadzaza Facebook ndi zithunzi zawo. Mudzalemba kuti mayi ndi mayi, mudzagula chitenje ndi keke. Chitenje chimenecho ndi cha chiyani ngati munthu wovalayo simumumva akalankhula? Ulemu wa tsiku limodzi, masiku ena onse ndi kapolo. Mphatso imene mayi anu akupempha chaka chino sigulidwa m'sitolo, akungopempha miyezi yochepa yoti awerenge mwamtendere. Imeneyo yakukanikani.

Akazi anzanga ndinu amene mwandikhumudwitsa koposa. Amuna ndinawazolowera, koma inu? Mlongo amene munalemba za nkhalamba yokana mdzukulu, muli ndi zaka 38. Zaka 13 zokha zikubwerazi mudzakhala pomwe ali mayi aang'onopa, ana anu atakula, inu mutatopa, mukufuna kupuma kapena kuyamba kanthu kanu. Mudzafuna akuuzeni zimene mwalembazi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alamu nanunso mwangoti zii, pamene mayi anu okuberekani ali moyo ndipo ali ndi mphamvu. Bwanji iwowo sanaitanidwe mpaka Disembala? Chifukwa ali pa ntchito ya boma, eti? Ndiye kuti nthawi ya mayi wapantchito ndi nthawi, koma ya mayi wamasiye wogulitsa mandasi ndi yongotola?

Kenako wina, pofuna kuwamaliza, analowetsapo nkhani ya bambo aja. Inde, alipo bambo ena, mphunzitsi wopuma, nawonso akazi awo anamwalira, amene amawaperekeza mayi pochokera kutchalitchi ndipo amawathandiza masamu. Akuti ndiye chifukwa chake akukana kupita ku Lilongwe, akuti akuchititsa manyazi malemu. Tiyerekeze kuti ndi zoona. Nanga vuto lili pati? Maliro analira, kumeta kunachitika, akuchimuna anawasudzula pamaso pa ankhoswe, zaka zinayi zadutsa. Mukufuna akhale okha m'nyumba mpaka liti? Inu mukatseka chitseko usiku muli awiri. Iwo akatseka amatsala ndi wailesi. Munthu wa zaka 51 akhoza kukhala ndi moyo zaka zina 20 kapena 30, zonsezo azilankhula ndi khoma kuti inu musachite manyazi?

Atsibweni amene munajambula mawu a mphindi zisanu ndi imodzi, azakhali atamwalira chaka sichinathe musanabweretse mkazi wina, wamng'ono kuposa mwana wanu woyamba. Tinavina, tinafupa, tinati mwamuna sangakhale yekha, afunika womuphikira. Palibe anatchula za manyazi a malemu. Mwamuna wa zaka 60 akakwatira akuti wapeza womusamala, mkazi wa zaka 51 akangoperekezedwa pamsewu akuti wapenga. Mlongo wanu yemweyo, wobadwa naye bere limodzi, amene munayenera kumuteteza monga mwini mbumba, ndi amene mukumuyalutsa pamaso pa ana.

Mayi aang'ono, ndikudziwa muwerenga izi chifukwa chitsirizira akuonetsani. Musapepese. Pitani masabata awiri anuwo, kamunyamuleni mdzukulu, kamudalitseni, mubwerere ku makope anu. Thiransipoti yobwerera ndikutumizirani ine pa Airtel Money kuti pasapezeke wonena kuti ndalama ya basi palibe, dikirani mwezi uthe. Ndikuwadziwa anthu amenewa, adzakusungani ndi nkhani ya thiransipoti mpaka mayeso adutse.

Ndipo poti lero tayamba kukumbutsana za ulemu wa malemu, pali nkhani ina imene tonse tinaikwirira. Bambo atamwalira, maliro asanathe n'komwe, achibale akuchimuna ananyamula njinga yamoto, makina osokera ndi malata 28 amene mayi anagula ndi ndalama yawo ya kaunjika. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu, koma mayi anati tisapite kupolisi, tisayambanitse ana ndi abale a bambo awo. Achimwene munali pomwepo, mwamuna wamkulu wa digiri, simunatsegule pakamwa. Atsibweni munati tizisiye, Mulungu ndiye adzaweruze. Pa gulu lija palibe analembapo chilichonse, ngakhale kankhope kamodzi kolira. Njinga ija mpaka lero ikuyenda kabaza pa siteji, ndimaiona ndi maso anga, ndipo denga la mayi likudonthabe mbali ya kuchipinda.